Kodi Kudabwa Ndi Umboni?

Anzanga, sabata ino ndikufuna tiganizire za munthu amene wavota, wabwerera kunyumba mtima uli m'malo kuti wake wapambana, kenako zotsatira n'kutuluka zoti wagwa. Pakamwa pa munthu ameneyu pamatuluka mawu awiri basi: "Sizingatheke, atibera." Funso langa n'lakuti, kudabwa kwakeko kukutiuza za chisankho, kapena kukutiuza za iyeyo? Nkhaniyi ndaitenga kutali dala, ku Arizona m'dziko la America. Za kuno kwathu tikangoziyamba, aliyense amakhala wavala kale nsalu ya chipani chake chiganizo choyamba chisanathe. Ku Arizona palibe mmodzi wa ife amene anakavotako, ndiye mwina tingamvetserane.

Ku America pulezidenti amalamulira zaka zinayi, koma zikangotha ziwiri pamakhala chisankho china chapakati. Pamenepo amasankha aphungu onse 435 a nyumba ya malamulo yoyamba, ena mwa aphungu a nyumba ya Senate, komanso m'zigawo zambiri amasankha bwanamkubwa ndi akuluakulu ena a chigawocho. Paja dziko lija lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi boma lake, malamulo ake, ngakhale kayendetsedwe ka chisankho n'kakekake. Chizolowezi n'chakuti chipani cha pulezidenti chimakwapulidwa pa chisankho chapakatichi. Mu 2010, Obama ali pampando, chipani chake cha Democrat chinataya mipando 63 m'nyumba yoyamba ija. Mu 2018, nthawi ya Trump, a Republican anataya pafupifupi 40. Ndiye pofika 2022, Biden ali pampando, mitengo ya zinthu itakwera ndi 9.1 peresenti m'mwezi wa June, kukwera kumene anali asanakuone kwa zaka 40 (musaseke, kwa iwowo 9 peresenti ndi tsoka lalikulu), pafupifupi aliyense ankati a Republican asesa. Ankachita kunena kuti kukubwera funde lofiira, poti mtundu wa chipanicho ndi wofiira.

Pa 8 November anthu anavota, funde lija osaoneka. A Republican anatenga nyumba yoyamba movutikira, mipando 222 kwa 213, ndipo Senate inatsala m'manja mwa a Democrat. Zifukwa zimene zimatchulidwa kwambiri ndi ziwiri: chigamulo cha khoti lalikulu cha pa 24 June chaka chomwecho, chimene chinachotsa ufulu wochotsa pakati umene unalipo kuyambira 1973, ndiponso anthu amene chipanicho chinaimika, omwe ambiri anali akulimbikirabe zoti Trump anaberedwa mu 2020.

Mmodzi wa iwo anali Kari Lake, amene ankapikisana pa mpando wa bwanamkubwa wa Arizona. Mayi ameneyu anawerenga nkhani pa TV mumzinda wa Phoenix kwa zaka zoposa 20. Nkhope yake inali yodziwika m'nyumba iliyonse, pakamwa pali chonena, misonkhano yake yodzaza. Mnzake wopikisana naye, Katie Hobbs, anali wofatsa, moti anakana n'komwe kukachita naye mtsutso pamaso pa anthu. Kafukufuku wambiri wa masiku omaliza ankaonetsa Lake ali patsogolo pang'ono. Panapita pafupifupi sabata yathunthu wopambana asanadziwike. Pomaliza Hobbs anapambana ndi mavoti 17,117, pa mavoti oposa 2.5 miliyoni. Lake anakana kuvomereza.

Tisanamuseke wovotera Lake, tiyeni tikhale kaye pamene iye wakhala. Tiyerekeze kuti ndinu mayi wa ku Phoenix. Atsogoleri anu akhala akukuuzani kuti musavote msanga, mukavote tsiku lenilenilo ndi manja anu. Mwalawirira, mwaima pamzere. Kumeneko pepala lovotera amalisindikiza pomwepo inu mukafika. Tsiku limenelo, m'dera la Maricopa, mmene muli mzinda wa Phoenix komanso ovota oposa theka a chigawo chonse, makina osindikizira pa malo makumi angapo mwa malo ovotera 223 ankatulutsa mapepala amene makina owerengera ankawakana. Mwalowetsa pepala lanu, labwerera. Mwalowetsanso, labwereranso. Akukuuzani kuti muliponye m'bokosi lina, akaliwerengera ku likulu. Mukufunsa kuti woyang'anira zisankho m'chigawo chonse ndani, akuti ndi Katie Hobbs yemweyo, poti panthawiyo iye anali mlembi wamkulu wa chigawo, ndipo sanatule pansi udindowo. Refa wavala jezi ya timu ina! Kenako masiku akupita, manambala akubwera pang'onopang'ono, wanu uja osafikira. Inu mukanatani? Ine sindikuona kuti mayi ameneyu ndi wamisala. Kukayika kwake kuli ndi poyambira.

Koma tsopano tione kudabwa kwenikweniko kuti kumachokera kuti. Munthu amadabwa pamene zimene amayembekezera zasemphana ndi zimene zachitika. Ndiye kuti pali zinthu ziwiri, ndipo cholakwika chikhoza kukhala china chilichonse mwa ziwirizo. Mwina zotsatira ndi zabodza. Mwina chiyembekezo ndicho chinali chabodza. Ife nthawi zonse timathamangira kuimba mlandu zotsatira, chifukwa zotsatira ndi za anthu ena pamene chiyembekezo n'chathu, tinachilera tokha. Nanga tinachitenga kuti? Kwa amene timapemphera nawo, amene timacheza nawo pa Facebook, wailesi imene timaikonda, ndi msonkhano umene tinapitako n'kuona anthu ali mbwee. Komatu ngakhale bwalo litadzaza anthu 20,000, amenewo sakwana n'komwe munthu mmodzi pa anthu 100 alionse amene anavota ku Arizona. Ndipo wodana ndi Lake sanapite ku msonkhano wa Lake. Anakhala kunyumba kwake phee, tsiku litakwana n'kukavota.

Ife ogulitsa pamsika timawadziwa bwino mawu akuti "ndibweranso". Munthu wafika pa benchi, watola tomato, wamuyamikira kuti ndi wabwino zedi, wafunsa mtengo wa mulu, kenako akuti, "Ndizungulire kaye mayi, ndibweranso." Mukamawerengera "ndibweranso" aliyense ngati ndalama, mudzakaoda madengu awiri owonjezera n'kukuwolerani. Amene wakagula kwa mnzanu sabwera kudzakuuzani kuti wagula kwina. Sanakunamizeni mwankhanza ayi, anangofuna kuti musiyane bwino. Ndiye madzulo ndalama zikachepa poyerekeza ndi mmene tsiku limaonekera, maganizo oyamba amagwera mwana amene munamusiya pa benchi mutapita kukadya. Nthawi zina anatengadi, zimachitika. Koma wogulitsa wanzeru amayamba wawerenga: milu inalipo ingati, yatsala ingati, ndani watenga pa ngongole, chiphaso cha msika chadya zingati, mbasela ndapereka kangati. Akatero ndiye atsegule pakamwa. Chifukwa mawu akuti "wandibera" sapita m'malere, amagwera munthu, ndipo munthuyo mawa adzayenda pakati pa anzake ali ndi dzina la wakuba.

"Atibera" wa pachisankho nayenso amagwera anthu. Mavoti ku Arizona sawerengedwa ndi mlembi wamkulu uja, amawerengedwa ndi dera lililonse palokha. Ku Maricopa, pa akuluakulu asanu oyendetsa deralo, anayi anali a Republican, chipani cha Lake yemweyo. Wapampando wawo dzina lake linali Bill Gates, osati wa makompyuta uja ayi, wina. Bambo ameneyu analandira ziopsezo mpaka anachita kukamubisa kwina kuti atetezeke. Mlandu wake unali wotsutsa zonena kuti mavoti amabedwa.

Pamenepa pali chinthu chimene chimandivuta, ndipo ndikufuna chikuvuteni nanunso. Palibe wovota amene angawerenge yekha mapepala 2.5 miliyoni. Woluza sanawerenge, komanso wopambana sanawerenge. Wopambana amavomereza zotsatira chifukwa zamukomera, woluza amazikana chifukwa zamuwawa, koma onse awiri sakudziwa kanthu ndi maso awo. Choncho inu amene wanu wapambana, musamadzione ngati munthu wa khalidwe chifukwa choti mwavomereza. Simunayesedwe. Tonsefe timadziwa zotsatira za chisankho mochita kumva, ndipo funso lenileni n'lakuti timve kwa ndani.

Ine ndimati mverani mboni imene ikunena zoipweteka yokha. Wogulitsa akakuuzani kuti tomato wake ndi wabwino, palibe chimene mwaphunzira. Koma akakuuzani kuti, "Wangayu wagona, gulani wa anzangawa," mukhulupirireni, chifukwa mawuwo amudyera ndalama. A Republican a ku Maricopa aja sanapindule kanthu ponena kuti Lake waluza. Anangodzitengera adani m'nyumba mwawo momwe. Ndipo pali mboni ina yosalankhula, pepala lovotera lenilenilo. Pa pepala lomwelo, tsiku lomwelo, makina omwewo, Kimberly Yee wa Republican anapambana mpando wa msungichuma wa chigawo ndi mavoti oposa 55 peresenti. Nyumba zonse ziwiri za malamulo za chigawocho zinatsala m'manja mwa a Republican. Wakuba wanji amene amathyola nyumba, n'kutenga mpando wa bwanamkubwa, koma n'kusiya thumba la ndalama ndi opanga malamulo kwa adani ake? Chimene manambalawa akunena n'chosavuta koma chowawa: panali anthu masauzande ambiri amene anachonga a Republican ena, atafika pa dzina la Lake n'kulumpha.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kunena kuti, "Mayi inu mwaiwala Tippex?" Sindinaiwale. Pa 21 May 2019 tinavota, zotsatira zinalengezedwa, ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu anazifafaniza, tinakavotanso pa 23 June. Ndiye ife a kuno palibe amene angatiuze kuti zotsatira zolengezedwa ndi mawu a Mulungu. Chisankho chimasokonezedwadi, ndipo wodandaula si nthawi zonse pamene amakhala wongolira. Koma kumbukirani chimene chinapambana mlandu uja. A Chilima ndi a Chakwera sanapite kukhoti ndi kudabwa kwawo. Sanakauze oweruza kuti misonkhano yathu inkadzaza. Anapita ndi mapepala a zotsatira opakidwa Tippex, mapepala ena osakhala enieni, manambala osinthidwa, zinthu zoti woweruza agwire ndi dzanja n'kuona. Mboni zinafunsidwa miyezi, dziko lonse likumvera pa wailesi.

Lake nayenso anapita kukhoti, ndipo unali ufulu wake. Pamenepo palibe chomudzudzula. Woweruza Peter Thompson anamvera mboni masiku awiri, ndipo pa 24 December 2022 anagamula kuti panalibe umboni wokwanira woti wina anawononga makina aja dala, kapena woti vutolo linasintha wopambana. Mapepala a m'bokosi lina lija anawerengedwa. Lake anachita apilo. Khoti lalikulu la chigawo linabweza mfundo imodzi yokha, ya kaonedwe ka masiginecha, kuti iunikidwenso, ndipo mu May 2023 nayonso inagwa. Maloya ake analipitsidwa madola 2,000 chifukwa chouza khoti kuti ndi chinthu chosatsutsika kuti mapepala oposa 35,000 anachita kulowetsedwa mwachinyengo, pamene sizinali choncho. Mungathe kunena kuti muyezo wa ku Arizona ndi wolemera kuposa umene oweruza athu anagwiritsa ntchito, ndipo mwina mukunena zoona. Athu sanafune kuti wodandaula aonetse yemwe akanapambana, anangoona kuti zolakwika zinali paliponse komanso zikuluzikulu. Koma muyezo ukhale wopepuka kapena wolemera, pa sikelo pamafunika kuikapo kanthu. Mkwiyo suyezeka.

Wina anena kuti nanga oweruzawo atagulidwa? Chabwino, zimathekanso. Ndiye ndikufunseni funso limodzi, ndipo mudziyankhe nokha chisankho chisanafike, osati chitadutsa: n'chiyani chimene mutachiona mungavomere kuti wanu waluzadi? Kuwerenganso? Chigamulo cha khoti? Mawu a oimira chipani chanu amene anali m'chipinda chowerengera? Tchulani chilichonse, bola chikhalepo. Ngati mwafufuza mumtima n'kupeza kuti palibe, kuti owerenga akanena ndiye kuti agulidwa, khoti likanena lagulidwa, wa chipani chanu akanena wagulitsa chipani, ndiye kuti chimene muli nachocho si kukayika. Wokayika amafuna kudziwa. Inu mwangokana basi, ndipo munakana musanavote.

Nanga n'chifukwa chiyani "atibera" amakoma chonchi pakamwa? Ine ndikuona kuti ndi mawu otonthoza. Amakuuzani kuti anthu onse ali nanu, kuti mudzi wanu ndi mmene mumaudziwira, kungoti kagulu kochepa ka mbava kalowa usiku. "Taluza" ndi mawu osungulumwitsa. Amatanthauza kuti mayi amene mumaimba naye kwaya, bambo amene munkamuuza za Lake iye n'kumangogwedeza mutu, mwina ngakhale mwana wanu wamkazi, analowa m'kachipinda kaja n'kuchita zosiyana ndi inu, ndipo sanakuuzeni. Mbava ndi yosavuta kuida. Koma kudziwa kuti anthu amene mumadya nawo amaona dziko mosiyana nanu, ndipo anakhala chete poopa kukangana nanu, chimenecho chimaluma mpaka m'mafupa. Chinsinsi cha voti anachiika n'cholinga chomwecho, kuti munthu athe kumwetulira pamsonkhano n'kukachonga zimene mtima wake ukufuna. Ndiye chinsinsicho chikagwira ntchito yake, zotsatira ziyenera kumadabwitsa ena nthawi zina. Chisankho chimene sichidabwitsa munthu aliyense, chaka ndi chaka, chimenecho ndiye ine chingandiopse.

Ndipo taonani chimene mumachita kwa anthu amenewo mukamati "atibera" popanda umboni. Anthu oposa 1.2 miliyoni anavotera Hobbs. Anadzuka, anaganiza, anasankha. Inu mukuti kulibe, ndi manambala opeka. Bola mukanati alakwitsa. Kunena kuti "anthu asankha molakwika" n'kololedwa, mungakunene mpaka chisankho china, ndipo kuvomereza zotsatira sikukukakamizani kukonda wopambanayo. Wolakwitsa mungakambirane naye, mungamukope. Koma munthu amene mwanena kuti kulibe mukamukopa bwanji?

Musaganize kuti matendawa ndi a chipani chimodzi. Mu 2018, m'chigawo cha Georgia, Stacey Abrams wa Democrat analuza mpando wa bwanamkubwa kwa Brian Kemp ndi mavoti pafupifupi 55,000. Kemp panthawiyo anali mlembi wamkulu woyang'anira chisankho chimene iye yemwe ankapikisanamo, ndendende ngati Hobbs. Abrams anavomereza kuti mwalamulo Kemp ndiye akhale bwanamkubwa, apo anasiyana ndi Lake, koma ananena poyera kuti sakuvomereza kugonja, ponena kuti anthu ambiri anatsekerezedwa kuvota. Mlandu umene bungwe lake linasuma unagwa mu 2022. Ambiri amene anamuombera m'manja Abrams ndi omwe anadzaseka Lake, ndipo amene ankanyoza Abrams ndi omwe anadzaimira Lake kumbuyo. Chimakomatu mbuzi ikamagunda galu. Kwa ine, refa wovala jezi ndi wolakwika ku Georgia, ndi wolakwikanso ku Arizona, ngakhale atapanda kukondera ngakhale kamodzi, chifukwa amapatsa woluza chifukwa chokanira. Onse awiri akanapatuka kaye.

Pa chisankho chomwecho cha ku Arizona panali mpikisano wina wothina kuposa wa Lake, wa mkulu wa zamalamulo wa chigawo. Kris Mayes wa Democrat anatsogola ndi mavoti 511 okha, ndipo lamulo linakakamiza kuti awerengenso. Atawerenganso anapezadi zolakwika, makamaka m'dera la Pinal, moti kusiyana kunatsika kufika pa 280. Onani pamenepo: kufufuza kunapeza kanthu, manambala anasintha, wopambana sanasinthe. Anthu 280 ndi mabasi anayi basi. Ndimaganizira munthu amene anamva kwa zaka ziwiri kuti mavoti amabedwa, n'kunena kuti ndiye ndivutikirenji, n'kukhala kunyumba. Ndimaganiziranso uja anauzidwa kuti asavote msanga, n'kukapezeka pamzere wautali tsiku limene makina anavuta. Vuto la makina lija linapweteka kwambiri ovotera a Republican chifukwa iwo ndi amene anachuluka pa tsikulo, ndipo anachuluka chifukwa atsogoleri awo anawaphunzitsa kuopa njira zinazo.

Patatha zaka ziwiri, mu November 2024, Kari Lake anaimanso, ulendo uno pa mpando wa Senate. Chigawo chomwecho, Maricopa yemweyo akuwerenga, Hobbs ali bwanamkubwa. Donald Trump anapambana ku Arizona ndi mavoti oposa 180,000. Lake, wa chipani chomwecho, dzina lake lili pa pepala limodzi ndi la Trump, analuza kwa Ruben Gallego ndi mavoti pafupifupi 80,000. Ndiye kuti panali anthu ochuluka zedi amene anachonga Trump, n'kutsika pang'ono pa pepalalo, n'kumudumpha mayiyu kachiwiri. Ena mwa iwo ayenera kuti amakhala moyandikana ndi mayi wathu wa ku Phoenix uja, ndipo amapatsana naye moni m'mawa uliwonse.